Mbuzi Imene Ndinapeza ndi Makapisozi Ofiira

Kuchokera pagombe la nyanja ya Chiuta mpaka pasiteshoni ya Balaka, panalibe munthu amene anandigonjetsapo pa kunenerera mtengo. Izi ndinkazinena pagulu, ndipo anthu ankavomera, ena akuseka, ena akuyang'ana dengu lawo limene ndangolikhuthula kumene. Ndinkapikula milamba yowamba ndi matemba kwa asodzi, n'kukagulitsa pa Nsanama, nthawi zina pa Liwonde, nsomba zikachuluka n'kukwera sitima mpaka ku Balaka. Sukulu ndinalekera panjira, koma pamsika ndinali mphunzitsi.

Nzeru zanga sizinali zambiri. Munthu akamatamanda katundu wake, ndinkamudula pakamwa, chifukwa akamaliza kufotokoza ndiye kuti mtengo wakwera. Ndipo ine ndikamagulitsa, sindinkanena chifukwa chimene ndikugulitsira. Mlamba ukayamba kufumbwa kumimba, umaugoneka chafufumimba, n'kuika wonona pamwamba pa mulu. Wogula akafunsa, umamusekerera n'kumuponyera basela. Ndi nzeru zimenezi ndinamanga nyumba yamalata kwa Kawinga, kwawo kwa mkazi wanga kumene ndinali mkamwini. Ndi nzeru zomwezi ndinachita zimene ndikulemba pano.

Mkazi wanga anayamba kutsokomola mvula itangoyamba. Pofika nthawi yokolola, chitenje chinkamuzungulira kawiri, ndipo tsiku lina ndinapeza kansalu ka magazi atakabisa pansi pa mkeka. Pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu anati ndi chifuwa chachikulu. Mankhwala ake tinkawadziwa tonse: kubayidwa jakisoni, kenako mapiritsi oyera omwa kopitirira chaka, ndipo nthawi zina unkapita n'kupeza atha. Ena ankachira, ena ankatopa panjira.

Za mankhwala atsopano ndinazimva kwa bambo wina wa zachipatala amene ankakonda kugula matemba kwa ine. Anati pachipatala china cha kumbali ya Balaka akuyesa mankhwala ochiza chifuwachi m'miyezi yochepa. Anati ntchitoyo amaitcha kafukufuku, kutanthauza kuti odwala ena amapatsidwa akale, ena atsopano, n'kuona amene akuchira msanga.

"Koma inu musavutike," anatero. "Amatenga okhawo okhala pafupi, oti atha kubwera wapansi m'mawa uliwonse. Inu a kunyanja ndinu akutali."

"Kutali kumatsika mtengo, bwana," ndinatero ine, ndikumuwonjezera matemba m'pepala.

Ndinali ndi mnzanga telala ku Balaka, amene tinkaswali naye mzikiti umodzi ndikapita ndi nsomba. Kuseri kwa shopu yake kunali kachipinda kosungiramo zigamba ndi makala. Anavomera kuti tikhalemo. Ana athu awiri tinawasiya kwa apongozi, ndinaika makhadi achipani m'thumba la shati, langa ndi la mkazi wanga, popeza masiku amenewo popanda khadi sunkalowa pamsika ngakhale pachipata cha chipatala. Tinakwera sitima. Mkazi wanga anakhala pawindo ulendo wonse atatseka pakamwa ndi mpango.

Amene ankalemba anthu pachipatala chija anali kalaliki wachikulire, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Kumbuyo kwake kunali mapu, ndipo pamapupo panali mzere wozungulira chipatala. Wokhala mkati mwa mzerewo ankalowa, wakunja ankabwerera. Kwathu sikunali n'komwe pamapupo, pepala linathera pa Liwonde.

"Mumakhala kuti?"

"Kuseri kwa telala, pafupi ndi mzikiti."

"Kuyambira liti?"

"Ana athu onse anabadwira pomwepo, bwana."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuyang'ana mapazi anga, n'kulemba. Kenako anatulutsa mapepala atatu olembedwa m'Chingerezi, nati awerenga n'kumatanthauzira m'Chichewa.

"Amayiwa amamva Chichewa?"

Mkazi wanga Chichewa chake chinali cha moni ndi chogulira mchere. Kunyumba, kumunda, kuchitsime, moyo wake wonse unali m'Chiyao. Koma ndinaganiza kuti ndikanena zimenezo apeza chifukwa chotibwezera.

"Amamva chilichonse. Ndi amanyazi chabe."

Kalaliki anayamba. Chichewa chake chinali cha pawailesi, chodutsa pamwamba pa mutu. Anafotokoza kuti palibe wokakamizidwa, anafotokoza za makhololo amene adzawayeza. Ine mtima unali pa bodza langa la telala, ndipo ndinkaona kuti tikakhalitsa patebulopo afunsanso funso lina. Atatembenuza pepala lachiwiri anati, "Tsopano pali zinthu zina zimene mankhwala atsopanowa amachita m'thupi, zoti muzidziwe."

"Bwana, mankhwala onse amachita zinthu m'thupi, ndiyo ntchito yake. Taonani mzere wa anthu panjapo. Tionetseni podinda."

Anasuzumira panja. Mzere unalidi wautali, wokhotera kuseri kwa khonde. Anapumira m'mwamba, n'kudumpha pepalalo. Mkazi wanga anandikoka malaya n'kundifunsa m'Chiyao kuti akuti chiyani.

"Akuti muchira," ndinamuyankha.

Anadinda chala chake chachikulu. Inki inakhala pachalapo masiku anayi.

Patebulo panali kabokosi ka maenvelopu omata. Yapamwamba ndiyo inali yathu, ndipo mkati mwake munali yankho lakuti akale kapena atsopano. Ndinayesa mwayi wanga.

"Bwana, tatitolereni yapansiyo. Yapamwambayi yagwidwagwidwa."

"Ine sindisankha. Adokotala sasankha. Yotsatira ndi yotsatira."

"Milamba mumadya?"

"Ndimadya. Yotsatira ndi yotsatira."

Anang'amba. Munalembedwa kuti atsopano. Madzulo ake ndinauza telala kuti ndakonza ndine, kuti kalaliki ndinamufewetsa ngati chinangwa chovuula. Telala anapukusa mutu ali ndi singano pakamwa, nati, "Inu ndiye mudzanenerera ndi angelo a kumanda omwe."

Dongosolo linali lakuti m'mawa uliwonse odwala onse abayidwe jakisoni pachipatala, ndipo Lolemba lililonse alandire kaenvelopu ka mankhwala omwera kunyumba. A gulu lakale ankalandira mapiritsi oyera okhaokha. A gulu latsopano ankalandira oyera ena ndi makapisozi ofiira.

Tsiku lachiwiri masana mkazi wanga anandiitanira kuseri kwa kachipinda kathu, n'kundionetsa chitini chimene ankatayiramo madzi. Mkodzo unali wofiira ngati madzi a m'chithaphwi cha katondo.

Amene anakulira kunyanja akudziwa chimene ndinaona. Kwathu mkodzo wofiira ndi likodzo, ndi magazi. Ambiri tinakodza magazi tili ana, ena anasiya, ena sanasiye. Achimwene anga aakulu anakodza magazi zaka ndi zaka mpaka anamwalira mimba itatupa ngati ng'oma. Tsono ndinayang'ana m'chitinimo, n'kuyang'ana mkazi wanga amene magazi anali atamuthera kale m'maso, ndipo ndinati mumtima, anthuwa akumufinya otsala omwe.

"Koma sizikuwawa," anatero iye. "Likodzo limawawa pomaliza. Izi iyayi. Ndiponso magazi safiira chonchi."

"Inu mwadziwa liti za magazi?"

Anatenga chitini n'kukachikhuthula. Mkazi amene anabereka kawiri ndinamufunsa funso limenelo.

Patapita masiku ena tinaona kuti ngakhale thukuta lake likusiya chikasu chofiirira pamtsamiro. Iye ankati pachifuwa pakuyamba kupepuka, akutha kugona chagada. Ine ndinkangoona chitini.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinapite kukafunsa. Masiku amenewo munthu wamba sunkapita kwa munthu wa boma kukamuuza kuti chinthu cha boma n'choipa. Mawu oterowo ankayenda okha mpaka kwa apampando a chipani, ndipo pofika kumeneko amakhala atakula. Kuwonjezera apo ndinali ndi bodza langa la mapu. Ndiponso pamsika anthu ankanong'ona kuti zoyesazi amayesera pa amphawi, kuti magazi a anthu amapita kunja. Ine sindinkakhulupirira zonse, koma ndinkakhulupirira chitini. Kumutulutsa mkazi wanga m'kafukufuku sindinafune, chifukwa muno jakisoni sankatha, mankhwala sankasowa. Ndinafuna malo tisunge, koma katundu woipa ndimupatse wina. Imeneyo ndiye inali ntchito yanga kuyambira ubwana.

Wogula ndinamupeza pabenchi. Anali mlimi wa kumbali ya Utale, Mkhristu, wamtali, wa mapazi ong'aluka, wolankhula ngati akukoka mawu pachitsime. Mudzi wake unagwera m'mphepete mwa mzere uja, chamkati. M'mawa uliwonse ankabwera akukankha njinga, mlongo wake atakhala pakaliyala, wowonda kuposa mkazi wanga. Mwamuna wa mayiyo anathawa matenda atayamba, ndiye udindo unabwerera kwa mlongo wake. Ndinamuonerera masiku atatu. Ankapatsa moni aliyense, ngakhale wosesa. Ndinati uyu ndiye wanga.

"Achimwene, achemwaliwa akumwa ati?"

"Oyera."

"Akale aja. Pepani."

"Ndi imene inatuluka."

"Ife tinapeza ofiira. Ochokera kunja, osati masewera. Mwezi umodzi munthu wanyamula khasu." Ndinatulutsa kaenvelopu, n'kugwedezera kapisozi mmodzi pachikhatho kuti awale ndi dzuwa. "Ndakhala ndikuwaona achemwali anuwa. Sindikugona nazo."

Anayang'ana kapisoziyo nthawi yaitali.

"Mukufuna kunena chiyani, bambo?"

"Tisinthane. Lolemba lililonse, inu envelopu yanu, ine yanga. Jakisoni ndi mmodzimodzi, palibe adziwe."

"Nanga inu mukuwasiyiranji?"

Funso limeneli ndinaliyankhapo kambirimbiri pa milamba yofumbwa.

"Mayi akunyumbawa ali ndi kukhosi kwakung'ono. Makapisozi sawameza bwino, amangovutika. Komanso iwo ali bwinoko kusiyana ndi anuwa. Chisoni basi, achimwene. Tonse ndife anthu a Mulungu mmodzi."

"Mwatsimikiza?"

"Ndikanakhala wosatsimikiza ndikanakhala pano?"

Anati alibe chondipatsa choyenera chinthu chotere, mwina nkhuku. Ndinaseka, ndinabweza kapisozi m'envelopu, ndinaimirira ngati ndikupita. Anati nkhuku ndi thumba la chimanga. Ndinati moyo wa munthu sugulidwa ndi gaga. Tinakokana mpaka dzuwa linafika pamutu, odwala athu atakhala poteropo pamthunzi, wina wa Chiyao wina wa Chichewa, akugawana chinangwa chophika osalankhulana. Pomaliza anati ali ndi mbuzi yaikazi, yoyera ya mutu wakuda.

"Koma mwatsimikiza, bambo?" anafunsanso titagwirana chanza. Anafunsanso kachitatu tikusiyana pachipata. Ndinati munthuyu ndi wamantha. Panjira ndinkaseka ndekha. Ndinamugulitsa chinthu chokodzetsa magazi, iye n'kundiwonjezera mbuzi. Za mlongo wake sindinaganize kwambiri. Ndikanama ndikati ndinaganiza.

Mbuzi inabwera Loweruka. Tinaimangirira pamtengo wa bwemba kuseri kwa shopu, ndipo inkadya zigamba za telala.

Patangotha masiku awiri titasinthana maenvelopu, mkodzo wa mkazi wanga unayera. Ndinanyamula chitini n'kumuonetsa ngati ndapambana mpikisano.

"Mwaona?"

"Ndaona," anatero. "Koma pachifuwa paja panayamba kupepuka."

"Ameneyo anali jakisoni. Jakisoni mukubayidwabe."

M'mawa uliwonse ankakhala pamkeka, n'kunena Bismillah, n'kumeza mapiritsi oyera a mayi wa ku Utale. Sanadumphepo tsiku ngakhale limodzi. Ndikulemba zimenezi chifukwa penapake pali buku limene linalemba zosiyana.

Lolemba lililonse tinkakumana kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala, n'kukhuthulirana maenvelopu. Masana ine ndinkapita pamsika wa Balaka ndi nsomba zimene anzanga ankanditumizira pasitima. Masabata anapita. Mayi wa ku Utale anayamba kutsika panjinga pachitunda. Kenako anayamba kubwera wapansi, mlongo wake akukankha njinga yopanda munthu. Masaya anabwerera. Mkazi wanga anayamba kupumira kawiri panjira ya kuchipatala, kenako kanayi, kenako ndinkabwereka njinga ya telala. Zonsezi ndinkaziona ndi maso angawa. Ndinkati anthu a kumtunda ndi olimba mafupa, ndinkati ndi mphepo ya m'kachipinda kamakala. Munthu wochenjera sasowa chonena.

Itatha miyezi iwiri anayeza makhololo a onse. Ife anatiitanira m'chipinda cha dokotala wamkulu wa kafukufukuyo, mayi wachizungu wa tsitsi la imvi, amene ankalankhula kudzera mwa namwino. Anamumvetsera mkazi wanga pamsana nthawi yaitali. Anayang'ana pepala, n'kuyang'ananso. Kenako ananena mawu ochepa, namwino n'kutembenukira kwa ine.

"Akufunsa kuti mkodzo wa amayiwa ukuoneka bwanji."

"Woyera bwinobwino," ndinatero, chifuwa chili patsogolo. "Ngati madzi a pampopi. Zofiira zija zinasiya kalekale."

Namwino anayang'ana dokotala. Dokotala anavula magalasi.

"Bambo," anatero namwino, "munthu amene akumwa makapisozi aja mkodzo wake umafiira. Thukuta limafiira, misozi imene. Si magazi, ndi mtundu wa mankhwalawo basi. Ndi mmene timadziwira kuti munthu akumwa. Zinalembedwa papepala lachiwiri, anakuwerengerani tsiku loyamba."

Sindikumbuka kuti ndinamva chilichonse m'thupi. Ndikukumbuka kuti pawindo panali ntchentche imene inkagunda galasi, ndipo ndinaiyang'anitsitsa. Ndikukumbuka kuti wotchi ya pakhoma inali itaima. Mkazi wanga anandikoka malaya, monga tsiku lija, kufunsa kuti akuti chiyani.

"Akuti tidikire pang'ono."

Namwino anatembenukira kwa iye n'kukweza mawu, mmene anthu amachitira ndi munthu amene sakumva chilankhulo chawo. "Mayi, mankhwala mumataya kuti? Anzanu akuwafuna, inu mukutaya. Mukufuna kufa?"

Mawu oti kutaya mkazi wanga anawamva. Anayankha ndi Chichewa chake chochepacho. "Ndamwa onse."

"Onse ati?"

Mkazi wanga anandiyang'ana. Ine ndinali pa ntchentche. Dokotala analemba mzere umodzi pafayilo, n'kuitseka mofatsa. Lamulo la kafukufuku linali lakuti amene sakumwa mankhwala achotsedwe. Makapisozi ofiira anali a m'kafukufuku mokha, analipo owerengeka. Anati mkazi wanga agonekedwe kuwodi, apitirize ndi mankhwala akale pamaso pa anamwino.

Ndinamuperekeza kuwodi, ndinamuyalira, n'kuthamangira kwa kalaliki. Ndinamupeza yekha akudya mbatata patebulo lomwe lija.

"Bwana, mubwezereni m'buku."

"Sindingathe."

"Nenani chimene mukufuna. Njinga ndigula. Malata a nyumba yanga ndikazula."

"Bambo, pano si pamsika."

Ndinatseka chitseko n'kumuuza zonse. Za chitini, za benchi, za mbuzi. Anasiya kutafuna. Anavula magalasi ake aja n'kuyamba kukonza ulusi umene sunali womasuka.

"Pepala lija ndinalidumpha ndine," anatero motsitsa mawu. "Mukakanena, ntchito yanga yatha. Mayi winayo amuchotsanso. Inu mwaba mankhwala a boma n'kugulitsa, mwanamanso za kumene mumakhala. Mukudziwa kumene nkhani yotere imathera. Ndipo ngakhale zonsezo zitachitika, akazi anu sawabwezeramo, chifukwa zotsatira zawo zasokonekera kale." Anavalanso magalasi. "Ine ndimadya mbatata. Sindinamve kanthu."

M'mawa mwake ndinadikira mlimi wa ku Utale pachipata. Ndinamuuza kuti envelopu yathu sidzatulukanso, achemwali ake abwerere ku oyera awo. Anagwedeza mutu. Kenako ndinamufunsa chimene chinandisowetsa mtendere.

"Achimwene, mkodzo wa achemwali anu unkafiira?"

"Unkafiira."

"Simunaope?"

"Iyayi. Akalaliki anatiuza tsiku loyamba. Ine ndimamva mochedwa, ndiye ndinawapempha abwereze kawiri. Anati envelopu isanang'ambidwe tiyenera kudziwa za mankhwala onse awiri."

"Ndiye munkadziwa."

"Ndinkadziwa kuti ndi abwino. Inunso munati ndi abwino." Anapukuta chishalo cha njinga ndi chikhatho. "Ndinakufunsani kuti mukuwasiyiranji. Munati kukhosi. Mukanati mkodzo, ndikanakuuzani pomwepo. Ndinakufunsani katatu, bambo."

Sananene mokalipa. Sananenenso monyada. Anati mbuzi ndiisunge, zimene tinapangana tinapangana. Anati mlongo wake amawatchula amayi akunyumba kwanga m'mapemphero. Ndinati zikomo.

Mkazi wanga anakhala kuwodi masabata asanu. Ndinkagona pakhonde limodzi ndi odikirira ena, ndinkamuphikira phala limene ankalawa masipuni awiri. Pamsika ndinasiya kupita. Sindinamuuze zimene namwino ananena, koma m'wodimo munali mayi wina wa ku Ntaja wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, ndipo ndikuganiza kuti anamufotokozera. Tsiku lina ndikumupukuta kumaso anati, "Ndinakuuzani kuti sizinkawawa." Ananena kamodzi kokha, ngati munthu wokumbutsa kuti mchere watha. Kenako anafunsa ngati mbuzi ndaimwetsa madzi.

Dokotala uja ankadutsa m'wodi masiku ena. Ndinalimba mtima n'kumufunsa kudzera mwa namwino kuti akanamwa ofiira aja akanachira kodi. Anati sangadziwe. Anati matenda anali atalowa kale kwambiri mbali zonse ziwiri, ena amachira ndi akale, ena amamwalira ali pa atsopano, ndipo n'chifukwa chake akuyesa. Yankho limeneli ndalitembenuza zaka zonsezi ngati mlamba wokayikitsa, kuyang'ana kumsana, kuyang'ana kumimba. Silitsika mtengo, silikwera.

Anamwalira Lachinayi m'mawa, anamwino akusintha nsalu za pabedi la pafupi. Mwa chipembedzo chathu maliro sagona, ndipo kwa Kawinga kunali kutali. Telala ndi anthu a pamzikiti ananyamula jeneza, tinamuika m'manda a Asilamu ku Balaka komweko dzuwa lisanapendeke. Alongo ake a mkazi wanga anafika mawa lake n'kupeza dothi. Ine sindinalire. Ndinkadikira kuti misozi ibwere, ndinkaifuna, koma m'mutu munkangobwera zinthu zopanda pake, monga zakuti nsalu yoyera ya sanda telala anaidula mokhota.

Sadaka ya masiku makumi anayi tinachitira kwawo. Mbuzi ndinakwera nayo sitima, inakhala pakati pa miyendo yanga ikutafuna chingwe. Shehe anaizinga m'mawa, amayi anaphika mpunga. Anthu anadya, anatamanda. Mlamu wanga wamkulu, mwini mbumba, anandipeza nditakhala kuseri kwa nkhokwe, fupa lili m'manja mwake.

"Alamu, mbuzi yonona chonchi, inu muli pamatenda miyezi yonseyi. Munaipeza bwanji?"

"Ndinanenerera," ndinatero.

Anaseka pang'ono, n'kundigwira paphewa. "Inu ndiye simusintha."

Chaka chotsatira ndinakumana ndi kalaliki uja pa Liwonde akugula nsomba. Sanafune kundizindikira, koma ndinamupatsa moni. Anati kafukufuku akupitirira, koma tsopano akhwimitsa. Amatuma munthu kukaona nyumba ya wodwala asanamulembe, ndipo kuchokera kwa akuluakulu kunabwera mawu akuti anthu a kunyanja asamatengedwe, samva malangizo, samaliza mankhwala. Anati pamsonkhano ankatchula chitsanzo cha mayi wina wa Chiyao amene ankataya makapisozi. Ananena akuyang'ana matemba, osati ine. Chaka chomwecho msodzi wina amene ndinkapikula kwa iye anatenga mwana wake wamkazi wodwala chifuwa chomwechi kupita naye kumeneko. Anabwerera tsiku lomwelo.

Patapita zaka zambiri, makhadi achipani atasanduka mapepala oyatsira moto, kunabwera anthu ena a kafukufuku wina kwathu konkuno. Anafika okha mpaka pa Nsanama, ali ndi mayi wolankhula Chiyao chenicheni, ndipo ankakhala pansi ndi wodwala mwini wake, mwamuna akudikira panja. Anali ndi timabotolo ta madzi a mitundu, toonetsa zimene munthu angaone m'chitini. Ndinaima kumbuyo kwa gulu ndi dengu langa. Mayiyo atafunsa ngati alipo ali ndi funso, ndinaona kuti manja anga ali m'thumba, ndipo anakhala momwemo.

Mayi wa ku Utale ndinamuonanso kamodzi, pamsika wa Balaka. Anali wonenepa, mwana kumbuyo, wina akumukoka chitenje. Sanandizindikire, kapena anachita mmene ine ndikanachitira. Anagwira milamba yanga, anaitembenuza kumimba umodzi umodzi, anati yafumbwa, nditsitse. Ankanenerera bwino ndithu. Ndinatsitsa. Anati basela. Ndinamuponyera.

M'buku la adokotala aja, ngati likadalipo, mankhwala atsopano anataya munthu mmodzi amene sanawamwe, ndipo akale anachiza munthu mmodzi amene anachira ndi ofiira aja. Mlimi wolankhula mochedwa anabwerera kwawo ndi mlongo wake, khola lake litachepa ndi mbuzi imodzi. Ine ndinalowa pamene ankati akutali salowa, envelopu inandigwera yabwino, ndinagulitsa katundu amene ndinkamuyesa woola, ndinalandira mtengo umene ndinatchula ndekha, ndipo wogula sanabwerenso kudzadandaula. Pamsika timati malonda otere ayenda. Mpaka lero anthu a pa Nsanama akamauza ana awo za kunenerera amaloza ine, ndipo ine sinditsutsa.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwaona katundu yense, sindinagoneke chilichonse chafufumimba. Pa malonda a pabenchi aja, anapambana ndani?